Gemu ya Anthu Atatu Imene Inasokoneza Masitolo a pa Intaneti

Lero tikambirana za magemu, makamaka aja osewera pa PlayStation, pa Xbox ndi pa Nintendo Switch. Ambiri a ife tikamva zimenezi, maganizo amathamangira ku mpira, FIFA ija imene masiku ano ikutchedwa EA Sports FC, kapena ku Mortal Kombat, chifukwa ndi zimene achinyamata amalimbirana padi m'timashopu ta magemu m'matauni mwathu. Amenewo ndi magemu a makampani akuluakulu, opangidwa ndi anthu mazanamazana. Ine ndabwera ndi mtundu wina umene eni ake amautcha indie, kutanthauza magemu opangidwa ndi munthu mmodzi kapena kagulu ka anthu ochepa, opanda bwana wa kampani yaikulu wowauza chochita.

Pa 4 September 2025 kunatuluka gemu yotchedwa Hollow Knight: Silksong. Oipanga ndi kagulu kotchedwa Team Cherry ka mumzinda wa Adelaide ku Australia, ndipo eni ntchito ndi anthu atatu okha: Ari Gibson, William Pellen ndi Jack Vine. Nyimbo zake anapeka ndi Christopher Larkin. Itangotuluka, ogula anakhamukira nthawi imodzi moti masitolo a pa intaneti a Steam, Nintendo, PlayStation ndi Xbox anayamba kukanika, anthu n'kumadikira ndalama zili m'manja. Mtengo wake unali madola 20 a ku America. Miyezi itatu m'mbuyo mwake, Nintendo inali itatulutsa Mario Kart World pa mtengo wa madola 80.

Kuti mumvetse chimene anthu ankathamangira, muyenera kudziwa kumene anyamatawa anachokera. Mu 2014 a Team Cherry anapempha thandizo kwa anthu wamba kudzera pa Kickstarter, ndipo anapeza madola a ku Australia pafupifupi 57,000. Ndalama zimenezo n'zimene zinathandiza kubala Hollow Knight yoyamba mu 2017, imene pofika 2025 inali itagulidwa ka 15 miliyoni. Silksong inayamba ngati kachigawo kongowonjezera pa gemu yoyambayo, koma inakula mpaka inaima payokha. Analengeza za iyo mu February 2019, kenako anthu anadikira zaka zoposa 6. Panalibe wowakakamiza kuti atulutse isanapse. Panalibenso wowauza kuti aikemo zinthu zogulitsa mkati, kapena kuti aifewetse n'cholinga choti igulidwe kwambiri.

Ufulu umenewu ndi umene ndikufuna tiuyang'anitsitse, omvera, chifukwa zabwino zambiri za magemu a indie zimachokera pamenepa, ndipo zofooka zake zambiri zimachokeranso pomwepa.

Mu Silksong umasewera ngati Hornet, kachilombo kankhondo kakakazi kamene kagwidwa n'kutengedwa kupita ku dziko lachilendo la Pharloom. Chida chake ndi singano ndi ulusi. Ntchito yako ndi kukwera kuchokera pansi penipeni mpaka kukafika ku linga limene lili pamwamba. Zithunzi zake n'zojambula pamanja. Palibe muvi pa sikirini wokulozera kopita. Ukalowa m'dera latsopano sukhala ndi mapu, umangofufuza njira wekha, mpaka umve mawu a munthu akuimba chapatali. Ukawatsatira mawuwo umakapeza Shakra, msilikali wamtali amene amagulitsa mapu. Amene anasewerapo akudziwa mmene mtima umakhalira pansi ukamva kuimba kumeneko utasochera kwa nthawi yaitali. Kampani yaikulu ikanaopa kuti wosewera atopa n'kuzimitsa, ikanamupatsa mapu pachiyambi pomwe. Team Cherry inakhulupirira kuti munthu akavutikira chinthu amachikonda, ndipo pamenepa inalondola.

Koma tamvani mbali inayo. Hornet amayamba ndi miyoyo isanu, ndipo adani ambiri, ngakhale a koyambirira, akakumenya kamodzi amachotsa iwiri. Kuti udzichize umafunika ulusi wodzaza, ndipo mdani akakugunda uli mkati modzichiza, ulusi wonsewo wapita. Malo opumira ndi kusunga pamene wafika ndi mabenchi, koma mabenchi ena amafuna ulipire mikanda, imene ndi ndalama za m'gemumo, ndipo mikandayo imasowa. Pali benchi ina m'dera la Hunter's March imene ndi msampha: wafika wotopa, wakhala pansi, ikukuvulaza. Ndiye pali nkhani imene inadandaulitsa anthu kwambiri, ya mtunda wochokera pa benchi kukafika pamene pali bosi, mdani wamkulu wa deralo. Bosi akakupha, suyambira pakhomo pake. Umabwerera kutali, n'kudutsanso adani omwe aja ndi minga zomwe zija. Ku Bilewater, dera la madzi a mphutsi zimene zikakumata sungathe kudzichiza, ulendo wobwerera kwa bosi wotchedwa Groal unachititsa anthu ambiri kuika padi pansi.

Ine gemu imeneyi ndimaikonda, ndipo ndikunena izi chifukwa choikonda. Kugonja kwa bosi kumaphunzitsa. Umaona pamene walakwitsa, umasintha, umayesanso. Koma kuyenda mtunda umodzimodzi kambirimbiri sikuphunzitsa kanthu, kumangodya nthawi ya munthu amene mwina ali ndi ola limodzi lokha madzulo akaweruka kuntchito. Mmene ndikuonera, chinachitika n'chimene chimachitika kwa munthu wokonda kambuzi akamaphikira alendo. Lilime lake linazolowera, ndiye akalawa ndiwo amamva kuti zili bwinobwino, pamene mlendo misozi ili chuchuchu. Anthu amene asewera gemu yawoyawo kwa zaka zambiri sangamvenso kuwawa kwake mmene wongoyamba kumene amamvera. Sipanapite nthawi, Team Cherry inatulutsa update imene inafewetsako mabosi awiri a koyambirira, Moorwing ndi Sister Splinter, n'kutsitsako mitengo ina. Osewera a ku China nawo anadandaula kuti Chitchaina cha m'gemumo chinali chovuta kumva, ndipo eni gemu anavomera n'kulonjeza kuchikonza. Zonsezi ndi zinthu zimene kampani yokhala ndi oyesa ambiri ikanaziona gemu isanatuluke.

Alipo amene amati kuvuta ndiye mtima wa gemu yotere, ukakuchotsa waipha. Ndimawamva, koma tili ndi umboni wochokera kwa opanga ena a indie omwewo. Celeste, gemu yokwera phiri imene inatuluka mu 2018, ndi yovuta zedi, koma ili ndi malo amene wosewera angachepetse liwiro la gemu, kapena kudumpha chigawo chimene chamukanika. Hades, ya Supergiant Games ku San Francisco, inachita mwanzeru kuposa pamenepa. Ukayatsa chimene amachitcha God Mode, mphamvu ya nkhonya za adani imatsika ndi 20 peresenti, ndipo nthawi iliyonse ukafa imatsikanso ndi 2 peresenti, mpaka kufika 80. Ndiye kuti gemu imakuyeza yokha, n'kukuthandiza molingana ndi mmene ukuvutikira. Wofuna moto wonse sayatsa, ndipo palibe chimene wataya. Hades inapata mphoto ya Hugo mu 2021, gemu yoyamba kulandira mphoto imene kawirikawiri imapita kwa olemba mabuku ndi opanga mafilimu, ndipo Hades II itatuluka yathunthu pa 25 September 2025 pa Switch ndi pa kompyuta, inasunga njira yomweyo. Sindikuona chimene Silksong ikanataya ikanatsegulako khomo lotere.

Tipite ku Canada. Kumeneko kuli munthu amene safuna kudziwika dzina lake lenileni, amangodzitcha LocalThunk. Mu February 2024 anatulutsa Balatro, gemu ya makadi imene anaipanga yekha. Ukaiona koyamba umaganiza kuti ndi poker. Uli ndi makadi 8 m'manja, umasankha osapitirira asanu n'kuwaponya, ndipo gemu imawerenga mapointi ako. Mpikisano woyamba umafuna mapointi 300 okha. Kuti umalize ulendo wonse, mpikisano womaliza kawirikawiri umafuna 100,000. Makadi wamba sangakufikitse kumeneko. Chinsinsi chili pa makadi apadera otchedwa majoka, amene alipo 150, aliyense ndi lamulo lake: wina amachulukitsa mapointi ukaponya makadi a mtima, wina amakula mphamvu nthawi iliyonse ukachita chakuti, wina amakopera mphamvu ya mnzake amene wayandikana naye. Malo oika majoka ndi asanu, ndiye nthawi zonse uli pa chisankho: ndigulitse uyu kuti ndigule uyo? Ukawagwirizanitsa bwino, manambala amayamba kuthamanga pa sikirini mpaka kuyaka moto, ndipo iwe umadziwa kuti zimenezo wazilumikiza ndi mutu wako. Pofika January 2025 inali itagulidwa ka 5 miliyoni. Lingaliro limodzi, lopangidwa bwino mpaka kumapeto, lopanda chowonjezera chosafunika. Apa ndiye pamene indie imaposa aliyense.

Koma taonani zimene zinamuchitikira munthu wopanda kampani yaikulu kumbuyo kwake. Patangopita masiku ochepa, bungwe la PEGI limene limaika malire a zaka pa magemu ku Ulaya linakweza Balatro kuchoka pa zaka 3 kufika pa zaka 18, ati chifukwa ikuoneka ngati juga, ndipo inayamba yachotsedwa m'masitolo ena a console. Mu Balatro mulibe kubetcha ndalama zenizeni ngakhale tambala imodzi. Ukagula, wagula. LocalThunk anadandaula poyera kuti EA Sports FC, mmene ana amalipira ndalama zenizeni kugula mapaketi a osewera mpira asakudziwa chimene chili mkati, inapatsidwa zaka 3. Makolo amene mukumvera, mfundo imeneyo muisunge. PEGI inadzatsitsa Balatro kufika pa zaka 12 mu February 2025, patatha pafupifupi chaka. Chofooka chenicheni cha gemuyi n'china: imadya nthawi mosadziwika, ndipo nthawi zina umagonja chabe chifukwa joka amene umamufuna sanabwere.

Nkhani ya mwayi imeneyi inavutitsanso Blue Prince, imene Tonda Ros anaigwirira ntchito zaka 8 n'kuitulutsa mu April 2025 pa PlayStation 5, Xbox ndi kompyuta. Mnyamata wasiyiridwa chinyumba cha zipinda 45, koma kuti chikhale chake ayenera kupeza chipinda cha nambala 46. Ukatsegula chitseko, gemu imakupatsa zipinda zitatu kuti usankhe chimodzi, ndipo tsiku likatha nyumba yonse imafufutika, mawa uyambirenso. Chimene umapita nacho ku tsiku lotsatira kwenikweni ndi zimene waphunzira, moti osewera ambiri amakhala ndi kope ndi cholembera pambali. Ndi gemu yanzeru kwambiri. Koma umatha kudziwa yankho la mwambi wina, n'kukhala masiku angapo a m'gemumo osaliyesa chifukwa zipinda ziwiri zimene ukufuna sizikutulukira limodzi. Komanso inatuluka m'Chingerezi chokha, popeza miyambi yake yambiri yagona pa kaseweredwe ka mawu a chinenerocho. Amene Chingerezi chake n'chapakatikati adzafika pena n'kuima.

Chabwino china chimene chimatikhudza ife ogula bandulo ndi kuchepa kwa magemuwa. Animal Well, imene Billy Basso anaipanga yekha kwa zaka 7 n'kutuluka mu May 2024, pa kompyuta sikwana 40 MB, ndipo ngakhale pa console ndi kanthu kakang'ono. Call of Duty imatha kupitirira 100 GB. Komabe kwa munthu amene ali kuno, phindu limeneli limabwera ndi chopinga chake. Magemu a indie ambiri satuluka pa disiki, kapena disiki yake imabwera mochedwa, ndiye sungabwereke kwa mnzako kapena kugula yogwiritsidwapo kale ntchito. Uyenera kugula pa intaneti ndi ndalama zakunja, ndipo sitolo ya PlayStation ilibe Malawi pa mndandanda wa mayiko ake, moti anthu amatsegula akaunti ngati ali ku South Africa kapena kwina.

Osewera pa console amakhalanso otsalira. Gemu yopangidwa ndi anthu ochepa imayambira pa kompyuta, chifukwa kumeneko wopanga akakonza cholakwika amatumiza tsiku lomwelo. Pa console chilichonse chiyenera kudutsa kaye m'manja mwa Sony, Microsoft kapena Nintendo kuti achivomereze. Stardew Valley, gemu ya ulimi ya Eric Barone imene yagulidwa koposa ka 40 miliyoni, inalandira update yake yaikulu ya 1.6 pa kompyuta mu March 2024. A pa console anadikira mpaka November. Ngati munthu wolemera chotero anatenga miyezi pafupifupi 8, ganizirani amene akungoyamba.

Ndipo pamenepa ndiyenera kunena chinthu chimene chimandivutitsa mtima. Magemu onse amene ndatchulawa ndi amene anapambana. Tikamakamba za indie timakonda kutchula Team Cherry, LocalThunk ndi Barone, ngati kuti aliyense wodzitsekera m'chipinda ndi kompyuta amatuluka ndi chuma. Mu 2024 mokha, pa Steam panatuluka magemu oposa 18,000. Ochuluka mwa amenewo palibe anawamva. Masitolo a console nawo adzaza ndi timagemu topangidwa mothamanga, tokopera dzina ndi chithunzi cha gemu yotchuka kuti wogula asokonezeke. Opanga Unpacking, gemu yofatsa ya ku Brisbane yomasula katundu m'makatoni, anadandaula kumapeto kwa 2024 kuti sitolo ya Nintendo ili ndi magemu obera dzina lawo. Pa chilichonse chogulitsidwa, mwini sitolo amatengapo pafupifupi 30 peresenti. Munthu wotenga gawo lalikulu chotero ayenera kusesa pamalo pake, ndipo pakadali pano sakusesa mokwanira.

Ngakhale pakati pa a indie okhaokha, wamkulu amaphimba wamng'ono. Team Cherry inalengeza tsiku lotulutsa Silksong kutangotsala milungu iwiri. Opanga magemu ena monga Baby Steps ndi Demonschool, amene anali atakonzekera kale masiku a pafupi pomwepo, anasuntha masiku awo pothawa. Sindikuimba mlandu Team Cherry, koma zikusonyeza kuti dzina loti indie tsopano likuphimba anthu osiyana kutalitali. Mu 2023 Dave the Diver inaikidwa pa mpikisano wa gemu ya indie yopambana ku The Game Awards, chonsecho oipanga, a Mintrocket, ndi nthambi ya Nexon, kampani yaikulu kwambiri yochokera ku South Korea. Mu 2025 mphoto imeneyo inapita kwa Clair Obscur: Expedition 33 ya Sandfall Interactive ku Montpellier, France, imene inatenganso mphoto ya gemu ya chaka. Ndi gemu yokongola ndipo ikuyenera ulemu. Koma inali ndi anthu pafupifupi 30 a pakampani, ena ambiri olembedwa ganyu kunja, kampani yoisindikiza ya Kepler Interactive, ndi akatswiri a mafilimu oika mawu. Kuiika pa mzere umodzi ndi munthu wogwira ntchito yekha usiku akaweruka kwina, n'kumulanda munthuyo malo okhawo amene akanaonekera.

Ndikufuna mumve za gemu imodzi imene ili pakati, yosagwa koma yosalemeretsa mwini wake. Dzina lake ndi Tales of Kenzera: Zau, ya mu April 2024. Anaiyambitsa ndi Abubakar Salim, wochita mafilimu wa ku Britain amene makolo ake ndi ochokera ku Kenya, yemwe ambiri anamva mawu ake ngati Bayek mu Assassin's Creed Origins. Anaipanga polira bambo ake amene anamwalira. Zau ndi sing'anga wachinyamata amene akupangana ndi Kalunga, mulungu wa imfa, kuti akamubweretsera mizimu ikuluikulu itatu, amubwezere bambo ake. Amamenya nkhondo ndi zigoba ziwiri zakumaso, cha dzuwa ndi cha mwezi, ndipo umasinthasintha pakati pa ziwirizo nkhondo ili mkati. Nthano zake zatengedwa kwa anthu a zinenero za Chibantu, abale athu. Kukambirana kwa Zau ndi Kalunga, mnyamata wopupuluma ndi mkulu woleza mtima, kunalembedwa ndi munthu amene maliro amawadziwa.

Zofooka zake zilipo ndipo sindizibisa. Mitundu ya adani ndi yochepa, moti pofika pakati nkhondo zimayamba kufanana. Pali malo othamangitsidwa amene ukalakwitsa kamodzi umayambiranso, ndipo amatopetsa. Inatulukanso patangopita miyezi itatu kuchokera pamene Ubisoft inatulutsa Prince of Persia: The Lost Crown, gemu ya mtundu womwewo yokhala ndi ndalama zambiri kumbuyo kwake. Ngakhale inasindikizidwa ndi EA, pofika July chaka chomwecho Surgent Studios, kampani ya Salim, inachotsa ntchito anthu oposa 10, ndipo mu October inalengeza kuti ntchito yopanga magemu yaima kaye pofunafuna ndalama. Pamwamba pa zimenezo, Salim anatulutsa uthenga wodandaula ndi chipongwe cha tsankho chimene iye ndi anzake ankalandira pa intaneti.

Gemu imeneyi ili pa PlayStation 5, Xbox, Switch ndi kompyuta, ndipo si yaitali, munthu wotanganidwa angathe kuimaliza. Mukaipeza, lowani pamene amasinthira chinenero musankhe mawu a Chiswahili, chifukwa anajambulanso nkhani yonse m'chinenero chimenecho, ndipo mawu ena mudzawamva osadikira zolemba za pansi.